Phewa Langa pa Msewu wa ku Mossuril

Rozita ndi Paulino, ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha funso limene nonse awiri mwakhala mukulizungulira osalifunsa. Mukudziwa kuti sindinalipo pa maliro a agogo anu, mayi anga aNabanda. Mukudziwanso kuti azakhali anu a Fulorinda anatha zaka akundipatsa moni wa pakamwa pokha, ndiponso kuti ine amene ndinkayendetsa alendo a m'chombo ndinamaliza ntchito ndikuyendetsa kamiyau, ndiye kuti lole, ya madzi. Zitatuzi zinachitika chifukwa cha tsiku limodzi. Koma poti bambo anu sadziwa njira yachidule pofotokoza nkhani, mundilole ndiyambire pamene ndinagwira chiwongolero koyamba.

Mualadzi ndi Tete, chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Karta yoyendetsera galimoto ndinaitenga ku Tete, ndipo woyamba kundikhulupirira anali a Valdemiro, wamalonda wamfupi amene ankagula chimanga kuno ku Mualadzi n'kukagulitsa kutsidya kwa Zambezi. Kamiyau yawo inali yokalamba kuposa ine. Nthawi ya mvula tinkatha masiku awiri m'mbali mwa mtsinje wa Luia kudikira kuti madzi aphwe, matayala tinkawasoka ndi waya, ndipo mafuta akasowa tinkayenda ndi zigubu kukapempha kwa oyendetsa anzathu. A Valdemiro sanali munthu woipa. Vuto lawo linali wotchi, ankayang'ana pamkono ngakhale akudya, ngakhale akupemphera. Vuto langa linali pakamwa, ndinabadwa wofunsa. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake injini imatsokomola m'mawa, chifukwa chake anthu a ku Tete amagona panja kukatentha osaopa afisi, chifukwa chake iwowo sanakwatire. Mpaka anandipatsa dzina lakuti Porke, mawu a Chipwitikizi otanthauza kuti chifukwa chiyani. Ndikawauza kuti safunsa anadya phula, iwo ankati wofunsa kwambiri anachedwetsa katundu, ndipo tinkagwirizana choncho.

Malonda a chimanga atavuta, a Valdemiro anagulitsa kamiyau ija n'kupita kunyanja yamchere, m'chigawo cha Nampula. Anali atamva kuti zombo zikuluzikulu za alendo zikumaima pafupi ndi Ilha de Moçambique, ndipo anthu akatsika amasowa wowayendetsa. Anagula mashapa atatu, timabasi tating'ono tija, n'kundiitana. Mayi anu anati pitani, ana akukula, khasu lokha silingawaphunzitse. Mayi anga sanakane. Anangondifunsa kuti kuchokera kumeneko kufika kuno ndi ulendo wa masiku angati, ndipo nditati atatu, anawerenga pa zala n'kunena kuti m'dzinja maliro sadikira masiku atatu. Ndinaseka, n'kuwauza kuti munthu amene akulima yekha munda wonse asamalankhule za maliro.

Ilha, chaka chimene Paulino anayamba shikola

Ilha ndi chilumba chopyapyala chimene munthu amachiyenda wapansi kuchokera uku kufika uko asanatope. Chimalumikizana ndi mtunda ndi mlatho wautali wokwana galimoto imodzi basi, moti mukakumana mmodzi ayenera kupatukira pa malo amene anasiyira zimenezo. Ndinafika dzuwa litapendeka, madzi atadzaza mpaka pakhoma la msewu. M'mawa mwake dzuwa litakwera ndinapeza nyanja yachoka, mabwato agona chammbali pamchenga, amayi akutola nkhono pamene dzulo panali madzi omiza munthu. Ndinathamangira kwa a Musaji, mbadwa ya pachilumbapo, amene anali giya wathu, ndiye kuti wofotokozera alendo mbiri ya malo, kukawauza kuti kwagwa chilala cha tsiku limodzi. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anandiuza kuti nyanja imapita n'kubwerera kawiri tsiku lililonse, ndipo mwezi ndi umene umaikoka. Ndinawafunsa kuti nanga mwezi womwewo sukokeranji Luia, anati funso limenelo ndikalifunse kwathu.

Chachiwiri chimene ndinalakwitsa sabata imeneyo ndi chimene anthu a kumsika sanandiiwale nacho. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno munthu wopakidwa ufa kumaso ndi mdzukulu, uja wosakhala wachibale amene amagwira ntchito za pamaliro m'malo mwa anamfedwa. Tsono nditaona mayi woyamba nkhope ili mbuu, ndinavula chipewa. Ndinaona wachiwiri, wachitatu, ena akugulitsa nsomba, ena akuseka pachitsime, ndipo ndinati mumtima mwanga pachilumba pano pagwa mliri, anthu mpaka azolowera. Ndinayenda tsiku lonse chipewa chili m'manja, dzuwa likundiwotcha dazi. A Musaji ndi amene anandimasula, nati choyeracho ndi musiro, mtengo umene amayi amapera pamwala n'kudzola kuti khungu lisalale. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, amayi a nsomba akandiona ankandifunsa ngati chipewa changa chachira.

Ubwino wa a Musaji unali wakuti nawonso anali wofunsa. Anafuna kudziwa za adzukulu, ndipo ndinawafotokozera kuti kwathu mwana sanyamula mayi ake, sakumba manda a bambo ake, ntchito imeneyo ndi ya anthu ena, ndipo iyenso tsiku lina amakaigwira kwa anzake. Iwo anati kwawo kwa Asilamu maliro amawanyamula pa jeneza, chithatha chokhala ndi chivundikiro, ndipo amuna amalandirana akuyenda mofulumira. Mwamuna amene wakumana nawo pamsewu amaikapo phewa lake mapazi angapo, kaya akumudziwa womwalirayo kaya ayi. Pamwamba pa jeneza pakayalidwa kapulana, nsalu ya amayi ija, ndiye kuti wamwalirayo ndi mayi. Ndinazisunga m'mutu zimenezi monga ndinkasungira zambiri zimene ndinkaganiza kuti sizidzagwira ntchito.

Zaka za zombo

Chombo chikabwera chinkaima patali, poti pafupi ndi chilumba m'posaya. Alendo ankabwera kumtunda pa malansha, mabwato a injini a chombocho, ambiri a iwo okalamba, aliyense atamatidwa kapepala ka nambala pachifuwa ngati belo la fodya. Shapa yanga inkatenga anthu khumi ndi anayi. Tinkayambira pachilumba pomwepo, ku linga lalikulu la miyala, ku nyumba ya abwanamkubwa akale, ndi ku katchalitchi kakang'ono kamene kali kumapeto kwa lingalo. Kenako tinkawoloka mlatho kupita ku Lumbo, kumene kuli siteshoni ya njanji imene sitima inasiya kufikako, ku Mossuril, ndi ku Cabaceira kumene kuli tchalitchi chakale pakati pa mitengo ya kokonati. Lamulo linali limodzi, ndipo a Valdemiro ankalibwereza m'mawa uliwonse wa chombo: lansha yomaliza imanyamuka ola la 16. Ukachedwa, madzi akayamba kuphwa, lansha siingathenso kufika pa masitepe okwerera.

Chimene chinkandizunguza mutu ndi chakuti anthuwa ankawoloka nyanja kudzaona mabwinja. Kwathu bwinja timalidutsa msangamsanga, mwina kungothyolapo bonongwe. Iwo ankaima nthawi yaitali akujambula khoma logumuka, mtengo womera pazenera, chitseko chodyedwa ndi chiswe, ndipo nyumba yatsopano ya malata owala ankaidutsa osacheuka. Tsiku lina ndinapempha a Musaji kuti andifunsire mkulu wina ngati kwawo kulibe nyumba zogumuka. Anayankha kuti zilipo, koma amazikonza msanga, n'chifukwa chake amabwera kudzaona zathu. Mpaka lero sindidziwa ngati ankatiyamikira kapena ankatinena. M'matchalitchi akalewo muli manda pansi penipeni, miyala yolembedwa mayina, ndipo alendo ankapondapo ndi nsapato zawo maso ali kudenga. Ine, mwana wa Achewa amene sitilowa kumanda popanda chilolezo, ndinkatsala pakhomo n'kumati ndikulondera galimoto.

Malo amodzi okha ndi amene ankanditseka pakamwa. Ku Mossuril kuli njira ya miyala yotsetserekera m'nyanja, ndipo a Musaji ankauza alendo kuti pamenepo ndi pamene akapolo ochokera kumtunda ankatsitsidwira m'ngalawa. Ulendo woyamba ndinawafunsa kuti kumtunda kwake kuti. Analoza kumadzulo, nati kutali, mwina mpaka kwanu. Ndinaima pamiyala ija ndikuganiza za munthu wa ku Luia amene sanaonepo madzi opanda tsidya, atayenda miyezi, n'kufika apa. Kodi nayenso anaganiza kuti nyanja yauma? Kodi nayenso anaona nkhope zoyera zija n'kuganiza za maliro? Kuyambira tsiku limenelo ndinkazimitsa wailesi tikamafika pamalopo.

Zosowa zinalipo monga kulikonse. Madzi akumwa pachilumba ankavuta, zipangizo za galimoto tinkaitanitsa ku Nampula n'kudikira sabata, ndipo mchenga wa msewu wa ku Cabaceira unkadya matayala. Koma chosowa chachikulu chinali anthu. Mashapa anali atatu, oyendetsa tinali atatu, ndipo zombo zinkabwera masiku owerengeka okha m'nyengo yotentha ya mvula. Chaka chonse chinkadalira masiku amenewo. A Valdemiro ankati munthu ali ndi ufulu wodwala tsiku lililonse kupatula tsiku la chombo.

Dzinja la chaka chimene Rozita ankalemba mayeso a unamwino

M'mawa umenewo chombo chinali chitaoneka kale, ine ndikupukuta magalasi a shapa, pamene telefoni inalira. Anali azakhali anu a Fulorinda, mlongo wanga wamkulu, atakwera pachitunda cha kuseri kwa mudzi kuti mawu adutse. Mayi anali atatisiya dzulo lake madzulo, ndipo telefoni inali itakana mpaka m'mawawo.

"Alongo," anatero, "kodi tikudikireni?"

Kunali kotentha, ndipo ulendo wake unali uja mayi anawerenga pa zala. Ndinati, "Ikani. Musawasunge mayi chifukwa cha ine."

Anandiuza kuti adzukulu ayamba kale kukumba, ndipo adzanyamuka pakhomo dzuwa likapendeka, cha m'ma 15. Ndinapita kwa a Valdemiro. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, anandipepesa ndi mtima woona, kenako maso awo anatsikira pawotchi. Anati ndikanyamuka m'mawa uno sindiwapeza, ndikanyamuka mawa sindiwapeza, ndipo iwo ali ndi mashapa atatu ndi alendo amene akutsika kale. Anandipempha kuti ndiwayendetsere lero lokha, mawa m'mawa andikweza okha basi ya ku Nampula. Ankanena zoona, ndipo ndinavomera. Koma poti ndikulemba kuti mudziwe bambo anu monga alili, ndinene kuti sindinavomere chifukwa cha ntchito yokha. Ndinkaopa kukhala pampando wa basi manja ali chete, mutu uli ndi mayi. Chiwongolero chinali pobisalira panga. Za malirowo ndinauza a Musaji okha.

Ulendo unayenda monga masiku onse. Alendo anajambula linga, anajambula siteshoni, anagula mikanda ku Mossuril. Ku Cabaceira anachedwa kutuluka m'tchalitchi, ndipo pamene tinkanyamuka nthawi inali yokwanira ndendende kufika pa masitepe ola la 16, popanda kuimanso paliponse. Titangodutsa Mossuril, pamene msewu umapanikizika pakati pa mipanda ya makuti, masamba a kokonati olukidwa, ndinaona kutsogolo gulu la amuna ovala makofia, tizipewa ta Asilamu tija, akuyenda mofulumira, akutchula mawu a pemphero motsitsa. Pamwamba pa mitu yawo panali jeneza, ndipo pamwamba pa jenezayo panali kapulana yobiriwira ya maluwa achikasu. Ndinayang'ana wotchi ya m'galimoto. Inali itangokwana 15.

A Musaji anandinong'oneza kuti tikhoza kuyenda pang'onopang'ono m'mbali, anthuwo atipatsa njira, si zachilendo kumeneko. Nthawi yomweyo telefoni yawo inalira, ndipo ndinamva mawu a Valdemiro akufunsa pamene tili. Atauzidwa, anati ndiimbe buzina, hutala ya galimoto, kamodzi kokha, anthu apatuka. Kwathu kuno ngakhale wa njinga amatsika akakumana ndi maliro, ndipo ine zaka zanga zonse pamsewu ndinali ndisanapitirirepo maliro, kaya ndanyamula chimanga kaya ndanyamula anthu. Koma tsiku limenelo sunali mwambo wokha. Ndinkadziwa kuti pa ola lomwelo, ku Mualadzi, anthu amene si ana a mayi anga aika mapewa awo pansi pa bokosi lawo. Ndinaona dzanja langa lili pa buzina, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Ndinazimitsa injini, ndinasiya chipewa pampando, n'kutsika.

Ndinathamangira mkulu wina wa ndevu zoyera amene ankayenda kumbuyo kwa gululo, n'kumulankhula m'Chipwitikizi changa cha ku Tete.

"Bambo, ndine mlendo kuno, ndiponso ndine Mkhristu. Mayi anga akuikidwa lero, kutali. Kodi ndingaikepo phewa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, anayang'ana malaya anga a ntchito, anayang'ana shapa yodzaza azungu. Kenako anati, "Phewa silifunsidwa kumene limapemphera. Lowani kumanzere."

Ndinalowa. Mtengo wa jeneza unali wosalala chifukwa cha mapewa ambiri amene anadutsapo, ndipo unali wofunda ndi thupi la amene ndinamulandira. Kunkamveka fungo la lubani. Mayiyo anali wopepuka, wopepuka kwambiri, moti ndinadziwa kuti anali wokalamba kapena anadwala nthawi yaitali. Nditayenda mapazi angapo wina anandigwira pamsana, ndinatuluka, ndipo ndinaona kuti otuluka akubwerera kumbuyo n'kulowanso. Ndinachita chimodzimodzi, katatu. Mawu a pemphero lawo sindinkawadziwa, ndiye ndinkangonena chamumtima kuti pitani bwino mayi, pitani bwino aNabanda. Ndinalira, ana anga, ndinalira kumene ndinali nditakanika kuyambira m'mawa, ndipo palibe amene anandiyang'ana modabwa. Titafika pa mitengo ya kaju pamene manda awo amayambira, ndinaima. Chilolezo chimene ndinapempha chinali cha pamsewu, osati cha kumanda. Mkulu uja anandigwedezera mutu n'kulowa ndi anzake, ndipo palibe amene anandifunsa dzina.

Pobwerera ndi pamene ndinazindikira kutalika kwa mtunda umene ndinayenda. Ndinathamanga, koma theka la ola linali litapita. Ndinakwera m'shapa. A Musaji anali atawafotokozera alendo chifukwa chake woyendetsa wawo wathawa. Bambo wina wokalamba anali atavula chipewa, ndipo uja amene ankajambula chilichonse kuyambira m'mawa anali ataika makina ake pamiyendo. Koma mayi wina wa kumbuyo ankagogoda wotchi yake ndi chala, nkhope ili gwa. A Musaji anandiuza kuti mankhwala ake a mtima anawasiya m'chombo. Mayi ameneyo sindinamuiwale, chifukwa anali ndi chifukwa chomveka chondikwiyira, ndipo ine potsika paja sindinamuganizire ngakhale pang'ono.

Ndinayendetsa monga sindinayendetserepo, koma pamlatho tinakumana ndi mzere wa magalimoto ochokera kuchilumba, ndipo tinayenera kupatuka n'kudikira. Tinafika ola la 16 litadutsa ndi theka. Lansha yomaliza inali itapita, ndipo madzi anali atachoka pa masitepe. Munthu wa chombo amene anatsala kumtunda ankalalata pa wailesi yake ya m'manja. Anatipulumutsa ndi asodzi, amene anabweretsa ngalawa yawo ya injini pamene madzi anali kulekezera m'mawondo. Alendo anavula nsapato n'kulowa m'madzi, ena akuseka, awiri anachita kuberekedwa kumsana, ndipo mayi wa mankhwala uja ndi amene anakwezedwa woyamba. Chombo chinanyamuka mochedwa, ndipo eni ake anauza a Valdemiro kuti ulendo wa kumtunda sadzawapatsanso nyengo yotsatira.

Ngalawa itapita, a Valdemiro anabwera pamene ndinaima. Sanakalipe.

"Porke, zaka zonsezi mumandifunsa ine. Lero ndikufunseni inu. Chifukwa chiyani?"

"Sindikanatha kuwaimbira buzina, shefe."

"Buzina sindikunena. Mukanawatsata pambuyo, tikanafika. Munatsikiranji?"

Ndinawauza kuti kwathu amati maliro n'kulirana. Anati kwawo amati lansha imanyamuka ola la 16. M'mawa mwake anandikweza basi monga analonjezera, koma anandiuza kuti ndikabwerako alendo sindidzawayendetsanso, ndidzagwira kamiyau yawo yogawa madzi ku Lumbo. Sanandichotse ntchito, ndipo pa zimenezo sindinawadandaule.

Mualadzi, masiku atatu pambuyo pake

Ndinadzera ku Malawi, ndipo ndinafika anthu atameta kale n'kubalalika. Adzukulu anandiperekeza kumanda kukaona pamene mayi agona. Azakhali anu anali atamva kwa mayi anu kuti tsiku la maliro ndinali pa ntchito, ndipo anandilandira ndi mawu awiri okha, akuti ndinasankha azungu. Sindinawauze za msewu wa ku Mossuril. Ndinkaona ngati kukhala kudziyeretsa, munthu wosapezeka pa maliro a mayi ake kumadzitama kuti ananyamula mayi wa ena. Ndinkaopanso pakamwa pa anzanga a kumpingo akamva kuti ndinalowa pansi pa jeneza. Choncho ndinatseka pakamwa, ine Porke, ndipo a Fulorinda anatseka mtima. Ndikabwera kudzapuma ankanditumizira nkhuku, monga mlongo ayenera kuchitira, koma sankakhala pansi kuti tichezerane.

Zaka za kamiyau ya madzi sindinganame kuti zinali zowawa. Poyamba ndinachita manyazi, koma pogawa madzi ndinalowa m'makomo amene alendo a m'chombo sawaona, ndipo ndinafunsa mafunso anga onse popanda wondiyang'anitsa wotchi. Chombo chikaima patali ndinkachionera kumtunda. Chimene ndinkachisowa ndi kucheza ndi a Musaji basi.

Mualadzi, chilimwe chathachi

Nditapuma ntchito n'kubwerera kuno, tinagwirizana pa banja kumanga chiliza pa manda a mayi. Inu nonse munatumiza thandizo, koma simunathe kubwera. Ntchito itatha, tsiku lina masana ndinapeza azakhali anu akutong'ola chimanga pakhonde pawo, ndipo ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza osaitanidwa. Tinatong'ola nthawi yaitali. Kenako, maso ali pa chisononkho, anandifunsa.

"Alongo, tsiku lija, pa ola limene tinkanyamuka pakhomo, inu munali kuchita chiyani?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa kapulana yobiriwira mpaka pa mitengo ya kaju. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa ngati mayi wa pa jenezayo anali wolemera.

"Ayi, anali wopepuka."

"Mayinso anapepuka kumapeto. Adzukulu ankanena pobwerera." Anatenga chimanga china. "Nanga simunanene bwanji zaka zonsezi?"

"Simunandifunse."

"Wofunsa m'banja muno ndinu. Ine ndinkadikira kuti mundifunse chimene ndakwiyira."

Anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akutsekula sutikesi. Anatuluka ndi nsalu yakale ya mayi, ija ya madontho ofiira imene ankavala popita kumpingo. Anati ndi imene anafunditsa pabokosi pochoka pakhomo, ndipo adzukulu anaibweza asanatsitse. Anali ataisunga kuti adzandipatse tsiku limene ndinafika mochedwa lija, koma mkwiyo unawagwira dzanja. Anandifunsa kuti ndinanyamulira phewa liti. Nditawaonetsa, anaipinda n'kuiika pomwepo, ndipo anakhalanso pansi n'kupitiriza kutong'ola.

Tsono imvani, Rozita ku Beira ndi Paulino ku Joni. Nonse muli kutali kuposa mmene mtima wanga umafunira, ndipo ndine amene ndinakuonetsani njira yochokera pamudzi. Tsiku langa likadzafika, telefoni ikadzakupezani pa ntchito, mudzawerenge masiku moona mtima. Ngati njira ndi yaitali, mudzanene kuti ikani, ndipo musadzathyole khosi pamsewu chifukwa cha munthu amene sakukuonani. Kumene mulikonso anthu amamwalira. Paulino, udzapeze maliro n'kupempha kuikapo phewa. Rozita, udzapite kukatunga madzi pa siwa ya munthu amene sukumudziwa. Nsalu ya agogo anu ili m'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa karta yanga yakale. Mudzafunditse imeneyo pabokosi langa, ndipo adzukulu akadzaibweza, amene adzakhalepo adzaisungire mnzake wochedwayo n'kumupatsa tsiku lomwelo limene wafika.